Magwero odalirika polemba malipoti a sayansi: chitsanzo cha dera la Chiwalo

Lipoti la sayansi limadalirika pamene ziwerengero zake zachokera kwa amene adayeza kapena kuwerenga chinthucho, osati kwa ongomva. Mfundoyi ndi yofunika kwa ogwira ntchito m'boma amene amalemba za madera monga la mfumu yaikulu Chiwalo m'boma la Phalombe, m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, popeza thandizo la chakudya, mbewu ndi mankhwala limagawidwa potsatira malipoti otere.

Choyamba ndi kufika pagwero penipeni. Chiwerengero cha anthu chimachokera ku National Statistical Office ku Zomba, yomwe idachita kalembera mu 1998, 2008 ndi 2018. Kuchuluka kwa mvula kumayezedwa ndi nthambi yoona zanyengo, pomwe chiwerengero cha okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, monga namondwe Freddy wa mu 2023, chimatulutsidwa ndi nthambi ya DoDMA.

Chachiwiri ndi kuona malo ndi chaka. Phalombe idakhala boma palokha mu 1998, kotero zolembedwa zambiri zakale za derali, kuphatikizapo za napolo wa mu March 1991, zimapezeka pansi pa dzina la Mulanje. Momwemonso buku la Margaret Kalk ndi anzake la mu 1979 ndi gwero lodalirika la kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 1968, koma silingafotokoze za kuphwa kwa mu 1995 kapena za nsomba zomwe asodzi akupha lero.

Chachitatu ndi kudziwa ngati akadaulo ena adaunika zolembazo zisadasindikizidwe, monga zimakhalira ku magazini ya Malawi Medical Journal. Pa intaneti pali magazini ena amene amasindikiza chilichonse malinga wolemba walipira, ndipo awa ndi oyenera kuwapewa.

Ngakhale magazini odziwika amalakwitsa. The Lancet ya ku London idasindikiza mu 1998 kafukufuku wa Andrew Wakefield wokayikitsa katemera wa chikuku, koma idamuchotsa mu 2010 zitadziwika kuti adali wachinyengo. Choncho wolemba ayenera kutsimikiza kuti zomwe akutchula sizidachotsedwe.

Pomaliza, chiwerengero chilichonse chitsagane ndi dzina la bungwe kapena wofufuza, chaka ndi tsamba, kuti amene akusaina lipotilo athe kuchilondoloza.