Mtengo Umatchedwa Dzina la Yani?

Pa 21 Ogasiti 1856 mphepo yamkuntho inagwetsa mtengo waukulu wa thundu mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut ku America. Chaka chotsatira, Charles De Wolf Brownell anaujambula ndi penti ngati kuti udakali chiimire, uli wokhawokha pakati pa chithunzi, nthambi zitatambalala uku ndi uku. Chithunzicho, chotchedwa The Charter Oak, chimasungidwa ku Wadsworth Atheneum mumzinda womwewo.

Dzina la mtengowu linachokera pa chikalata chimene Mfumu Charles II ya ku England inapereka m'chaka cha 1662, cholola Angerezi a ku Connecticut kudziyendetsera zinthu zawo. M'chaka cha 1687 bwanamkubwa Edmund Andros anabwera kudzachilanda. Nkhani imene anthu a kumeneko akhala akusimbirana imati zokambirana zili mkati makandulo anazima, ndipo Joseph Wadsworth anathawa nacho chikalatacho n'kukachibisa m'mphako ya mtengo uja. Kuyambira pamenepo thundu uja anasanduka chizindikiro cha ufulu, moti m'chaka cha 1999 anaikidwa pa ndalama yachitsulo ya dziko la America.

Komabe ufulu umenewu unali wa alendo. Mu Hartford momwemo, m'chaka cha 1638, Angerezi atagonjetsa anthu a mtundu wa Pequot, anapangana pangano loletsa otsalawo kutchedwanso dzina la mtundu wawo. Ena mwa ogwidwa pankhondoyo anagulitsidwa ukapolo kuzilumba zakutali. Chithunzi cha Brownell chili chete pa zonsezi. Mtengo umene unaphuka Angerezi asanafike umadziwika ndi pepala la mfumu yawo.

Mchitidwe wotcha mtengo dzina la wobwera si wachilendo kuno kwathu. Ku Nkhotakota kuli mkuyu umene umatchedwa Mtengo wa Livingstone, chifukwa akuti patsinde pake David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'chaka cha 1863, namudandaulira kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanaleke. Zombo zinapitirira kuwolotsa anthu pa nyanja, ulendo wa ku Kilwa, mpaka m'zaka za m'ma 1890. Mlendo amene anangokhalapo masiku owerengeka ndiye anasiya dzina pamtengopo, pamene anthu zikwizikwi amene anadutsa padoko limenelo atamangidwa sadziwika ngakhale mfunda wawo.

Ku Cape Town zinayenda mwina. Mtengo umene akuti akapolo ankagulitsidwira pansi pake, mumsewu wa Spin, unadulidwa m'chaka cha 1916. Chatsala ndi chikumbutso chaching'ono pakati pa msewu, chimene wapansi wothamangira kuntchito angachiponde osachiona. Dzina la mtengowo limatchula akapolo, koma mtengo wake palibe.

Wophunzira mbiri akaima pamaso pa chithunzi cha mtengo woima wokha, ayambe wafunsa mafunso atatu: anadula mitengo inzake ndani, anausiya uwu chifukwa chiyani, nanga anautcha dzina ndani? Mayankho ake sapezeka pansalu ya wojambula. Amapezeka m'mapangano akale, m'kaundula wa amalonda, ndiponso m'kamwa mwa agogo a ku Nkhotakota, amene sanafunsidwe mokwanira kuti mkuyu uja makolo awo ankautcha chiyani Livingstone asanafike.