Ng'ombe, Msonkho ndi Kaleredwe ka Mwana ku Mzimba

Kawirikawiri timaweruza kholo poona khalidwe la mwana wake, osayamba tafunsa chimene khololo linali nacho m'manja. Mbiri ya ku Mzimba itiphunzitsa kuugwira mtima.

Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analemba kuti m'nyumba za mafumu ndi akuluakulu mwana anali ndi omlera ambiri: agogo akuchimuna oyang'anira kaleredwe, asungwana omubereka kumbuyo, ndiponso khola lopatsa mkaka. Banja lopanda ng'ombe linalibe mwayi wonsewu.

Mu 1904 dziko la M'mbelwa linaloŵa mu ulamuliro wa Angerezi, ndipo msonkho wa nyumba sunachedwe. Mwini ng'ombe akanatha kugulitsako imodzi nakhoma. Mphunzitsi wa mishoni ya Embangweni anali ndi kamalipiro, nakhala pafupi ndi ana ake. Koma mmphaŵi, kusoŵa kogwira, analunjika ku Rhodesia kapena ku Joni, nasiya mayi akulima yekha, mwana ali kumsana. Mu 1935 komiti ya boma yofufuza za ulendowu inadandaula kuti mabanja ali kupasuka. Patsogolo pake panadza pangano lakuti gawo la malipiro lizitumizidwa kumudzi. Komabe thandizoli linadzera m'dzanja la bambo; nanga mwana wa mtchona, amene atate ake anasiya ngakhale kulemba kalata, akanalandira chiyani?

Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalaŵi oposa 70 ochokera kumigodi, Dr. Banda anaimitsa Wenela. Njirayo inatsegukanso mu 1977, nitsekeka mu 1988, koma anyamata a ku Mzimba sanaleke kupita ku Joni paokha.

Boma linachedwa kufikira mwana wa mmphaŵi mwachindunji. Sukulu ya pulayimale yaulere inadza mu 1994. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 nafalikira m'maboma onse, apereka ndalama ku mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga agogo olera adzukulu.

Choncho tikaona mwana wosasamalika ku Mzimba Boma kapena ku Jenda, tisathamangire kunyoza amake. Tiyambe tafunsa kuti atate ake ali kuti, ndipo chinawachotsa pakhomo nchiyani. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.