Kusintha injini ya kandege kuti iziyendera petulo

Injini iliyonse yoyendera mafuta imafuna chinthu choyatsa mafutawo mkati mwa silinda. Pa malo a malonda ngati Mauwa m'boma la Chiradzulu, njira ziwiri zimaoneka tsiku ndi tsiku. Njinga yamoto ya kabaza imayatsa petulo ndi pulagi yothetheka moto, pamene injini ya dizilo ya pachigayo imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri moti mafuta amayaka okha. Pali njira yachitatu, imene imapezeka m'mainjini a tindege touluka popanda munthu mkati: pulagi yonyeka, imene pa Chingerezi amati glow plug. Injini yotereyi ikhoza kusinthidwa kuti iziyaka monga ya njinga yamoto.

Mmene pulagi yonyeka imagwirira ntchito

Mkati mwa pulagiyi muli kawaya kopotana ka chitsulo cha platinum. Polizitsa injini, kawayako amakatenthetsa ndi batire la mavoti 1.5. Injini ikalira batirelo amalichotsa, koma kawaya kamakhalabe kofiira chifukwa platinum ikakhudzana ndi nthunzi ya methanol imatentha yokha. N'chifukwa chake injinizi zimamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane komanso oilo wochuluka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Oilo amene wakhala akudaliridwa kuyambira kale ndi wa nsatsi.

Tindege toyambirira ta m'zaka za m'ma 1930 tinkayaka ndi pulagi yothetheka ndipo tinkanyamula koilo ndi mabatire olemera. Ray Arden wa ku America atabweretsa pulagi yonyeka cha m'ma 1947, ambiri adasiya katundu ameneyu. Lero ena akubwerera ku njira yakale chifukwa zipangizo zoyatsira zidachepa ndi kupepuka.

Chifukwa chosinthira

Nkhani yagona pa mafuta. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yoposa pang'ono ya malita awiri a methanol. Kuti petulo apse bwino, gawo limodzi limafuna magawo 14.7 a mpweya poyeza kulemera, pamene methanol amafuna magawo 6.4 okha. Choncho thanki yomweyo imakhalitsa kandege m'mwamba nthawi yotalikirapo. Kuwonjezera apo, petulo amapezeka paliponse pamene pali njinga zamoto, pomwe methanol ndi nitromethane sapezeka wamba. Methanol ndi poizoninso: womumwa akhoza kuchita khungu kapena kufa.

Umboni wa phindu limeneli udaoneka mu August 2003, pamene kandege ka Maynard Hill kotchedwa TAM-5 kadaoloka nyanja ya Atlantic kuchokera ku Newfoundland m'dziko la Canada mpaka ku Ireland. Kadauluka makilomita oposa 3,000 kwa maola pafupifupi 39, ndi mafuta osakwana malita anayi. Kankalemera makilogalamu asanu, ndipo injini yake ya OS ya 10 cc idasinthidwa kuti iziyaka ndi pulagi yothetheka.

Zimene zimasinthidwa

Choyamba ndi pulagi. Pali mapulagi othetheka aang'ono okhala ndi mazinga ofanana ndi a pulagi yonyeka, motero amalowa pabowo lomwelo. Chachiwiri ndi kamaginito kamene amakaika pachitsulo chozungulira kumbuyo kwa pulopela, ndi kachipangizo kotchedwa Hall sensor kamene kamamva maginitowo akamadutsa. Uthenga umapita ku kabokosi ka CDI, konga kamene amakaniko a njinga zamoto amakadziwa kale, ndipo kabokosiko kamatumiza magetsi amphamvu ku pulagi. Kamafuna batire lakelake.

Chovuta kwambiri ndi kutchera nthawi yoyatsira. Nthawi zambiri moto umayenera kuthetheka madigiri 28 mpaka 30 pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Ukafulumira, injini imagogoda, kutentha ndi kubwezera pulopela m'manja mwa woiliza. Ukachedwa, mphamvu imachepa.

Kabuleta nayo imafuna chidwi. Popeza petulo amalowa wochepa, singano yotcherera mafuta ikapotozedwa pang'ono chabe, kaliridwe ka injini kamasinthiratu, ndipo ambiri amaikapo kabuleta ina yopangidwira petulo. Timapaipi ta silicone timafufuma m'petulo, choncho timachotsedwa pamodzi ndi chotsekera thanki.

Zoyenera kusamala

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Methanol amaziziritsa injini akamalowa, pamene petulo amaitenthetsa, motero mpweya uyenera kudutsa bwino pasilinda. Mphamvu imatsikanso pang'ono. Mainjini ambiri a pulagi yonyeka alibe mabering'i a singano pamkono wa pisitoni, choncho amafuna oilo wambiri kuposa makina odulira mitengo: kawirikawiri gawo limodzi la oilo pa magawo 20 a petulo. Womana injini oilo amaipha m'mphindi zochepa.

Kuthetheka kwa moto kumasokonezanso wailesi yowongolera kandege. Waya wa pulagi ayenera kukhala wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, kabokosi ka CDI katalikirane ndi cholandirira uthenga, ndipo pakhale switchi yozimitsira injini woulutsa ali pansi. Pa injini yaing'ono kwambiri, kulemera kwa batire ndi kabokosi kumadya phindu lonse, n'chifukwa chake kusinthaku kumayenerera mainjini okulirapo.

Kufunika kwake ku Malawi

Mu 2016 boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF adayesa kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pa tindege totere ku Lilongwe. Mu June 2017 adatsegula dera loyeserako tindegeti ku Kasungu, ndipo mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege. Tambiri mwa tindege ta masiku ano timayendera mabatire, amene sachita phokoso ndipo savuta kusamalira, koma kilogalamu ya batire imasunga mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi kilogalamu ya petulo. Pa ulendo wautali injini ya mafuta ikadali ndi malo ake, ndipo luso loisamalira silachilendo: makaniko wodziwa pulagi, CDI ndi kabuleta ya njinga ya kabaza ali kale ndi chiyambi chake.