ULENDO WA NYIMBO IMODZI

Ife amene tigwira nchito ya ukalaliki tinaphunzitsidwa lamulo limodzi tsiku loyamba lomwe: kalata iri yonse ikafika pa tebulo, uyambe wayang'ana kumene yacokera ndi dzina la amene anailemba, usanaiike m'failo. Kalata yopanda dzina ibvuta kuyankha, ndipo mlandu wace sutha msanga. Koma pa nkhani ya nyimbo ambiri a ife sitisamala lamulo limeneli. Timva nyimbo pa wailesi, tiikonda, tiiyimba posamba ndi poyenda, ndipo wina akatifunsa mwini wace tingochula munthu amene tinamumva akuiyimba. M'nkhani ino ndifuna kuti titsate mapazi a nyimbo imodzi ya cikondi, yochedwa "Can't Help Falling in Love," tione kumene inacokera, manja amene inapitamo, ndi cimene ulendo wace utiphunzitsa pa za kubwereka.

Ciyambi cace ku France

Anthu ambiri ayesa kuti nyimboyi inabadwira pakamwa pa Elvis Presley m'caka ca 1961, koma muzu wace uli kutali ndithu. M'caka ca 1741, m'kamzinda ka Freystadt m'dziko la Bavaria, limene lero liri mbali ya Germany, munabadwa mwana amene anadzadziwika ndi dzina lakuti Jean-Paul-Égide Martini. Ali mnyamata anasamukira ku France, kumene anapeza nchito yopeka nyimbo ndi kutsogolera oyimba m'nyumba za akulu a dziko. M'caka ca 1784 anatenga ndakatulo ya mlembi wina, Jean-Pierre Claris de Florian, naipekera mayimbidwe. Nyimbo imene inaturuka inachedwa "Plaisir d'amour."

Tizindikire cinthu cimodzi pano, pakuti tidzacifunanso kutsogolo. Nyimbo ya Martini sinali ya cimwemwe iai. Linali dandaulo la mnyamata amene mkazi wace wokondedwa anamsiya nakakonda wina. Woyimba ayimba monga munthu wakhala pa khonde madzulo, nakumbukira malonjezo amene anasweka.

Patapita zaka zisanu, m'caka ca 1789, dziko la France linagwedezeka ndi cipanduko cacikuru. Mfumu Louis XVI inadulidwa mutu m'caka ca 1793. Florian anaikidwa m'ndende m'caka ca 1794, ndipo ngakhale anamasulidwa, anamwalira caka comweco ali ndi zaka 39 zokha. Martini anapulumuka, nakhala ndi moyo kufikira 1816. Mipando ya mafumu inagwa, eni nyimbo anaikidwa m'manda, koma kanyimbo kaja sikanafe. Anthu anakayimbabe m'nyumba zao, ndipo m'caka ca 1859 katswiri wina wa nyimbo, Hector Berlioz, anakakonza kuti kayimbidwe ndi gulu la zoyimbira zambiri.

Mnyamata wa ku Tupelo

Tsopano tioloke nyanja, tipite ku America. Elvis Presley anabadwa pa 8 January 1935 ku Tupelo, m'cigawo ca Mississippi, m'banja losauka. M'caka ca 1948 banjalo linasamukira ku Memphis, mzinda umene munamveka nyimbo za anthu akuda, nyimbo za m'chalichi, ndi nyimbo za Azungu a kumidzi. Mnyamatayu anamwa m'zitsime zonse zitatu. Anali woyendetsa lole pamene anajambula mbale yace yoyamba yogulitsa kwa Sam Phillips m'caka ca 1954, ndipo nyimbo yaceyo, "That's All Right," inali yobwereka kwa woyimba wakuda, Arthur Crudup. Posacedwa dzina lace linamveka konse monga mfumu ya mayimbidwe atsopano a rock and roll, aphokoso ndi obvinitsa, amene acinyamata anawakonda ndipo makolo anawaopa.

Koma ngakhale m'masiku aphokosowo, Presley anakondanso nyimbo zofatsa, ndipo olemba ace anapeza njira yomupezera zotere: anafukula mayimbidwe akale, nawabveka mau atsopano. "Love Me Tender" ya 1956 inacokera ku "Aura Lea," nyimbo ya 1861, ya m'nthawi ya nkhondo ya pa ciweniweni ku America. Atabwera ku usilikali, kumene anakhalako kuyambira 1958 kufikira 1960, anayimba "It's Now or Never," imene inacokera ku nyimbo ya ku Italy ya 1898, "O Sole Mio."

Nanga cifukwa ninji anthu amenewa anakonda kufukula zakale? Yankho liri m'malamulo. Munthu akapeka nyimbo, lamulo limpatsa umwini, kotero kuti ali yense wofuna kuigulitsa ayenera kumlipira. Koma umwini umenewu uli ndi malire. M'maiko ambiri utha pakapita zaka 50 kapena 70 mwini atamwalira, ndipo pambuyo pace nyimboyo ikhala ngati citsime ca m'mudzi, cimene ali yense atungapo osapempha. Pofika 1961 Martini anali atagona m'manda zaka 145. Panalibe wina womlipira, panalibenso wina wolakwiridwa.

Dandaulo lisanduka lonjezo

M'caka cimeneco amuna atatu a ku New York, Hugo Peretti, Luigi Creatore ndi George David Weiss, analemba nyimbo yoti ilowe m'sewero la pa kanema lochedwa Blue Hawaii. Anatsamira pa mayimbidwe a Martini, nawasintha apa ndi apo, nalemba mau ao ao. Presley anaijambula pa 23 March 1961 ku Hollywood, gulu la amuna lochedwa Jordanaires likumthira mang'ombe.

Apa ndi pamene panacitika cinthu codabwitsa. Mayimbidwe amene kwa zaka 177 ananyamula cisoni ca munthu wosiyidwa, tsopano ananyamula mau a munthu amene akudzipereka kwa wokondedwa wace ndi mtima wonse. Mtanga ndi womwewo, koma katundu wa m'katimo wasintha. Wa ku France analira pa mapeto a cikondi. Wa ku America anayimba pa ciyambi cace. Ine ndiyesa kuti mphamvu ya nyimboyi igona pomwepa. Mau alonjeza, koma pansi pace pamvekabe kacisoni kakale kaja, monga mwa munthu wodziwa kuti kukonda ndiko kudziika m'manja mwa wina amene akhoza kukugwetsa.

Ndiponso m'sewero muja nyimboyi siyimbidwa pakati pa anthu awiri okha pa mwezi, monga tingaganizire. Mnyamata wobwera ku usilikali apita ku phwando lokumbukira kubadwa kwa agogo a bwenzi lace, nawapatsa mphatso ya kabokosi koyimba kokha, ndipo ayimba motsatira kabokosiko pamaso pa agogowo. Nyimbo imene lero iyimbidwa pa maukwati osawerengeka inayamba monga ulemu kwa nkhalamba.

Mbale inaturuka cakumapeto kwa 1961. Ku Britain inakhala pa malo oyamba pa mndandanda wa mbale zogulidwa koposa kwa masabata 4 m'caka ca 1962. Ku America inafika pa malo aciwiri, pakuti nyimbo ina yobvinira, "Peppermint Twist," inaitsekera njira. Cimbale cacikuru ca nyimbo zonse za Blue Hawaii cinakhala pa malo oyamba masabata 20.

Pamene Presley anayambanso kuyimba pamaso pa makamu, kuyambira 1969, anazolowera kutsiriza ndi nyimbo imeneyi. Anthu akangomva kuyamba kwace anadziwa kuti nthawi yolawirana yakwana. Anatseka nayo msonkhano waukuru wa ku Honolulu pa 14 January 1973, umene unaonetsedwa m'maiko ambiri. Anatseka nayonso ku Indianapolis pa 26 June 1977, thupi lace litatopa kale ndi matenda ndi mankhwala. Imeneyo inali nyimbo yace yotsiriza pamaso pa anthu, pakuti anamwalira pa 16 August caka comweco, ali ndi zaka 42. Motero nyimbo ya lonjezo inasandukanso nyimbo yotsazikira.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi

Presley asanamwalire, ena anali atayamba kale kuibwereka. Andy Williams anaiyimba mofulumirapo m'caka ca 1970, ndipo gulu la anthu akuda a ku Philadelphia, The Stylistics, linaisandutsa yobvinira m'caka ca 1976. Koma amene anaipititsa patali koposa ndi gulu la ku Birmingham, ku England, lochedwa UB40. Dzina limeneli ife akalaliki litiseketsa, pakuti linatengedwa pa cipepala ca boma cimene anthu osowa nchito ku Britain anagwiritsa polandira cithandizo. M'gulumo munali Azungu ndi anthu akuda pamodzi, ndipo anayimba reggae, mayimbidwe ocokera ku Jamaica. M'caka ca 1993 anaibveka nyimbo ija ng'oma zolemera za reggae, ndipo inakhala pa malo oyamba ku Britain, ndi ku America komwe, kumene inakhalapo masabata 7. Malo amene Presley sanawafike kwao ndi nyimboyi, obwereka anawafika.

Ulendo sunathere pamenepo. Otsatira timu ya mpira ya Sunderland ku England anaitenga kukhala nyimbo yao, ndipo wokondedwa wao si mkazi iai, koma timu. M'caka ca 2018 Kina Grannis anaiyimba mwakacetecete ndi gitala pa ukwati wa m'sewero la Crazy Rich Asians, ndipo m'caka ca 2022 Kacey Musgraves anaiyimbira sewero losimba moyo wa Presley. Ali yense anaikamo cace, ndipo nyimbo sinacepe, inangokula.

Kubwereka kwina

Tikadalekera pano, tikadati kubwereka konse nkwabwino. Koma mbiri iri ndi tsamba lina, ndipo likhudza ife a kuno ku Africa. M'caka comwe cija ca 1961, amuna atatu omwe aja, Peretti, Creatore ndi Weiss, anagwiranso nchito pa nyimbo ina, "The Lion Sleeps Tonight," imene gulu la The Tokens linaiyimba, nifika pa malo oyamba ku America mwezi wa December. Iyinso inali yobwereka, koma mwini wace sanali m'manda. Anali moyo, ku Johannesburg.

Dzina lace linali Solomon Linda, Mzulu. M'caka ca 1939 iye ndi gulu lace, Evening Birds, anajambula nyimbo yochedwa "Mbube" ku kampani ya Gallo, kumene iye anagwiranso nchito yolongedza mbale. Analandira masheleni khumi. Mbale ina inaoloka nyanja, nifika m'manja mwa Pete Seeger, ndipo gulu lace, The Weavers, linaichukitsa m'caka ca 1952 ndi dzina lakuti "Wimoweh." Ku America ambiri anaiyesa nyimbo ya makolo yopanda mwini. Linda anamwalira wosauka m'caka ca 1962, nthawi imene nyimbo yace inali kudyetsa anthu amene sanamuonepo. Inalowanso m'sewero la The Lion King m'caka ca 1994, ana ace akali m'umphawi. Mtolankhani Rian Malan analemba mbiri yonseyi m'caka ca 2000. Mlandu unalowa m'bwalo m'caka ca 2004, utatsamira pa lamulo lakale la Britain la 1911, lonena kuti umwini ubwerera kwa olowa nyumba pakapita zaka 25 mwini atamwalira. Ndipo m'caka ca 2006 panakhala pangano lakuti banja lace lilandire gawo. Zinali zitapita zaka 44 cimwalirire mwini nyimbo.

Taonani tsono: caka cimodzi, olemba omwewo, nyimbo ziwiri zobwereka. Pa yoyamba anatunga pa citsime ca onse, ndipo dziko linapindula. Pa yaciwiri madzi anacokera mu mtsuko wa munthu wamoyo, amene anafa ndi ludzu. Kusiyana kwace sikuli m'kukoma kwa nyimbo, pakuti zonse ziwiri nzokoma. Kuli m'funso limodzi lokha: kodi mwini wace anachulidwa ndi kulandira zace?

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, ena mudzapeka nyimbo, ena mudzalemba mabuku, ndipo nonse mudzabwereka, pakuti palibe munthu ayamba pa nthaka yopanda mapazi a ena. Musacite manyazi ndi kubwereka. Martini anabwereka mau kwa Florian, Presley anabwereka kwa Martini, ndipo anyamata a ku Birmingham anabwereka kwa Presley. Koma mukabwereka, funsani mwini wace, mumchule dzina, ndipo ngati iye kapena ana ace ali moyo, asagone ndi njala inu mukudya zace. Ndipo cinthu cikakhala canu, lembanipo dzina, sungani mapepala ace, ndipo musasaine cipepala cimene simunaciwerenge, ngakhale ndalama ziri pa tebulo. Masheleni khumi atha m'sabata limodzi, koma nyimbo, monga taona, ikhoza kuyenda zaka zoposa 200.