Ndege Zing'onozing'ono: Mbiri Yake ndi Mwambo wa Oziyendetsa

Nkhani yathu ya lero tiiyambira ku Kasungu, dziko la fodya, kumene munthu ukaima pachulu umaona minda ndi zigafa kufikira pamene maso alekezera. Nthaŵi zina m'maŵa, kunja kuli zii, kumamveka kulira kwa injini kuchokera kumwamba. Ana amasiya maseŵera nathamangira pabwalo akufuula kuti, "Ndege! Ndege!" Akulu omwe amaimika khasu, dzanja lili pamphumi. Chimene amaona si chindege chachikulu chonga zija zotera ku Lumbadzi, koma kandege ka injini imodzi, konyamula anthu aŵiri kapena anayi, kakufunafuna bwalo la pa Kasungu kapena la ku Lifupa, m'nkhalango yosungiramo nyama.

Ambiri a ife timayesa kuti woyendetsa kandege kotere ndi munthu wosaopa imfa. Mbiri ikutiphunzitsa zina. Amene amakalamba pa ntchito imeneyi ndi anthu odekha, omvera malangizo a anzawo, ndi odziŵa kubwerera panjira zinthu zikavuta. Tiyeni tione m'mene mwambo umenewu unayambira, ndiponso mbali imene ife oyenda pansi tili nayo.

Pa 17 Disembala 1903, ku Kitty Hawk m'dziko la America, amuna aŵiri apachibale, Orville ndi Wilbur Wright, amene ntchito yawo inali yopanga ndi kukonza njinga, anaulutsa ndege ya injini kwa nthaŵi yoyamba. Ulendowo unatenga masekondi 12 okha, ndipo mtunda wake unali mamita 37. Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 inakulitsa luso limeneli, koma ndege zinali za asilikali ndi maboma. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1925 pamene kampani ya de Havilland ya ku Mangalande inatulutsa kandege ka mipando iŵiri kotchedwa Moth. Mapiko ake anali opindika, kotero kuti mwini ankatha kukasunga m'nyumba yonga ya galimoto. Boma la Britain linathandiza ndi ndalama makalabu ophunzitsa anthu wamba kuuluka, ndipo kuyambira pamenepo aphunzitsi, madokotala, alimi ndi amalonda anayamba kuyendetsa ndege chifukwa chongoikonda.

Sipanapite nthaŵi, tindege timeneti tinafika mu Afirika. M'chaka cha 1928 mai wina, Lady Heath, anauluka kuchokera ku Cape Town mpaka ku London pa kandege ka mtundu wa Avro Avian, ndipo chaka chomwecho Lady Bailey anachoka ku London nakafika ku Cape Town pa Moth. Kuno kwathu, dziko likutchedwabe Nyasaland, wamalonda wina wa ku Blantyre, C. J. Christowitz, anayambitsa maulendo a pandege pakati pa Blantyre ndi Beira m'chaka cha 1931. Ndege yake inali ya mtundu wa Puss Moth, yonyamula woyendetsa ndi anthu aŵiri basi. M'chaka cha 1933 ntchito yakeyo inaphatikizidwa ndi ya ku Rhodesia, ndipo panabadwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways. Pambuyo pa nkhondo yachiŵiri, mu 1946, kunabwera Central African Airways, imene m'zaka za m'ma 1950 inkatumiza ndege za injini imodzi zotchedwa Beaver ku mabwalo a udzu a m'maboma akutali. Pamene Air Malawi inkayamba m'chaka cha ufulu wathu, 1964, inali ndi ndege ziŵiri za DC-3 ndi zitatu za Beaver.

Achikulire amene anaona misewu ya masiku amenewo adziŵa chifukwa chake kandege kanali kofunika. Mvula ikagwa, milatho ikakokoloka, galimoto inkagona m'matope masiku angapo, pamene kandege kankafikitsa makalata, mankhwala ndi odwala tsiku lomwelo. Chotero ulendo wa pandege m'Malaŵi unayamba ndi ndege zing'onozing'ono, ndipo zikuluzikulu zinadza pambuyo.

Pambali pa ndege za malonda panalinso anthu ouluka mwa kufuna kwawo. Dzina lodziŵika kwambiri pa mbiri imeneyi ndi Luchenza Flying Club, kalabu ya ku Luchenza m'boma la Thyolo, m'dera la minda ya tiyi. Tisabise, maseŵera ameneŵa anayamba ngati a anthu ochepa okhala ndi chuma, makamaka Azungu a m'maesiteti, popeza ndege, mafuta ake ndi maphunziro ake n'zodula. Komabe makalabu otere, kuno ndi kumaiko ena, anasunga mwambo umene aliyense angaphunzirepo kanthu. Madzulo, ndege zitatsekeredwa, oyendetsa amakhala pamodzi nasimbirana zimene zawachitikira. Wina amaulula kuti anaiŵala kutseka bwino chotsekera mafuta. Wina kuti anatera mphepo ikumkankha kumbuyo, natsala pang'ono kuloŵa m'tchire. Kumeneko munthu wobisa cholakwa chake ndiye amaonedwa ngati woopsa, chifukwa amamana anzake phunziro. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Mwambo womwewu unaloŵa m'malamulo a maiko. Pangano la ku Chicago la 1944 ndilo linabala bungwe la maiko loyang'anira za ndege, ICAO, ndipo lamulo lake pa za ngozi likunena kuti cholinga cha kufufuza ndicho kupeŵa ngozi ina, osati kufuna woti aimbidwe mlandu. Malamulo ambiri amene woyendetsa ndege amatsata lero anagulidwa ndi miyoyo ya anthu. Titchule zitsanzo zitatu.

Choyamba n'cha ndege yeniyeniyo. M'mwezi wa Meyi 1931, Glen Kidston, katswiri amene anali atangouluka mwaliŵiro kuchokera ku Mangalande mpaka ku Cape Town, anafa pamene Puss Moth imene anakwera inathyoka m'mwamba m'mphepo yamkuntho ku mapiri a Drakensberg, ku South Africa. Ngozi zina za mtundu womwewo zitachitika, akatswiri anapeza kuti mapiko a ndegeyo ankanjenjemera mopitirira muyeso ikakumana ndi mphepo yowinduka, ndipo anawalimbitsa. Nchifukwa chake ndege iliyonse ili ndi malire a liŵiro ndi a katundu olembedwa m'buku lake, ndipo woyendetsa wanzeru sawadumpha.

Chachiŵiri n'cha kuiŵala. Pa 30 Okutobala 1935, ku Wright Field m'dziko la America, ndege yatsopano ya Boeing yotchedwa Model 299 inagwa itangonyamuka. Woyendetsa wake anali wodziŵa ntchito kwambiri, koma panaiŵalika kumasula loko imene imagwira zowongolera ndege ikakhala pansi. Anzake sananene kuti afunika munthu wanzeru zoposa. Anaona kuti mutu wa munthu aliyense umaiŵala. Analemba mndandanda wa zinthu zoyenera kuona chimodzichimodzi ndege isananyamuke. Mpaka lero, ngakhale mwini kandege ka mipando iŵiri amayamba wakazungulira wapansi. Amayeza mafuta ndi kandodo osangokhulupirira geji, amatapako pang'ono m'kabotolo kuona ngati mulibe madzi, amasuzumira m'injini kuopa zisa za mbalame, ndipo amaona ngati mavu sanamate dothi m'kachubu koyezera liŵiro.

Chachitatu n'cha mtambo, ndipo ndicho chapha anthu ambiri. Oyendetsa ndege zing'onozing'ono ochuluka amaphunzira kuuluka poona pansi ndi pamene thambo lakumana ndi dziko. Akaloŵa mumtambo, thupi limawanamiza: ndege ikupendekeka, iwo n'kumamva ngati ili chilili. M'chaka cha 1954, pa yunivesite ya Illinois, anayesa oyendetsa 20 amene sanaphunzire kuuluka podalira zipangizo zokha. Atawatsekera kuti asaone kunja, onse analephera kuwongolera ndege, ndipo pogaŵa nthaŵi yawo mofanana inakwana masekondi 178, osafika ndi mphindi zitatu zomwe. Mankhwala amene ofufuzawo anaphunzitsa anali apafupi: ukaona kuti waloŵa mumtambo, tembenuka modekha ubwerere kumene wachokera.

Phunziro limeneli ife Amalaŵi linatifika pamtima pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi amene anali m'menemo anamwalira, pamodzi ndi Wachiŵiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr Saulos Chilima, ndipo ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Imeneyo sinali ndege ya maseŵera, ndipo oyendetsa ake sanali ophunzira. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti inaloŵa m'nyengo yoipa ikuuluka motsika, n'kuwomba mtunda wokwera. Ngati mtambo wa ku Viphya unagonjetsa ndege ya injini ziŵiri, nanga kandege ka injini imodzi?

Tibwerere tsopano ku Kasungu. Poyerekeza ndi Viphya kapena Mulanje, chigwa chimenechi chimaoneka chosavuta: dziko ndi lathyathyathya, phiri la Kasungu limaonekera patali ngati chizindikiro, ndipo msewu wa M1 umamtsogolera munthu kuchokera ku Lilongwe. Mtunda wa makilomita ngati 130 umene basi imayenda maola aŵiri, kandege ka mtundu wa Cessna 172 kamaudutsa m'mphindi ngati 40. Koma chigwacho chili ndi misampha yake.

Woyamba ndi mpweya. Kasungu ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya umapepuka munthu akamakwera, ndipo umapepukanso kukatentha. Masana a Okutobala, kutentha kukafika madigiri 32, ndege yonyamuka pa Kasungu imachita ngati ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,900, ngati kuti bwalolo lanyamulidwa n'kuikidwa pamwamba pa phiri la Zomba. Injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino mphepo, ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke. Bwalo limene linali lokwanira m'maŵa wa Juni limakhoza kuchepa masana a chilimwe. Nchifukwa chake odziŵa amalaŵira m'mamaŵa, ndipo amalolera kusiya thumba la katundu kapena mnzawo mmodzi.

Wachiŵiri ndi nyengo. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba dziko, kotero kuti woyendetsa amaona pansi pake pokha, kutsogolo kuli mbuu. Akamvuluvulu amene ana amawathamangitsa m'minda amakhoza kupendeketsa kandege pamene kakutera. Dzinja likafika, mitambo ya mabingu imakula masana, ndipo mphepo ya m'kati mwake imaposa mphamvu za ndege yaing'ono iliyonse. Woyendetsa wabwino amaizungulira patali, amasunga mafuta apadera okwanira theka la ola kapena kuposerapo, ndipo asananyamuke amauza wina njira imene adzere ndi nthaŵi imene afike. Chikamkayikitsa, amagona pomwepo n'kudikira kuche. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msampha wachitatu uli m'manja mwathu, ife okhala pafupi ndi mabwalo. Mukaona kandege kakudutsa motsika pamwamba pa bwalo kasanatere, musayese kuti woyendetsa akudzionetsera. Iye akuyang'ana ngati pali ng'ombe, mbuzi, ana, njinga kapena chulu chatsopano. Akuyang'ananso nsalu ija yonga thumba yopachikidwa pamlongoti, imene imamuuza kumene mphepo ikuchokera, popeza ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anana ndi mphepo. Nsaluyo ikasoŵa, amadalira utsi wa m'midzi kapena wa nyumba zowotcheramo fodya. Munthu amene wachotsa nsalu imeneyo, kapena wadula waya wa mpanda, kapena wasandutsa bwalo kukhala njira yachidule, waika moyo wa anthu pangozi ngakhale sanakhudze ndege. Ndege ikatera, tisaiyandikire kufikira chozungulira cha kumphuno kwake chitaima, chifukwa chikamazungulira sichioneka ndi maso. Ndipo tikamva ndege ikulira motsika m'nkhungu kenaka n'kukhala chete, tisunge nthaŵi ndi mbali imene yaloŵera, tikauze apolisi kapena amfumu msanga. Pamalo a ngozi tithandize ovulala, tisayatsepo moto kapena fodya, ndipo tisatolepo kachitsulo ngakhale kamodzi, pakuti kachitsulo kameneko kangakhale ndiko kouza ofufuza chimene chinachitika.

Kwa inu achinyamata amene mumathamangira pabwalo ndege ikamadutsa, khomo limene kale linali la ochepa lero si lotseka. Amalaŵi, amuna ndi akazi omwe, akuyendetsa ndege kuno ndi kunja, ndipo aliyense wa iwo anayambira pa kandege kakang'ono, mphunzitsi ali pambali. Limbikirani masamu, sayansi ndi Chingerezi, chimene ndicho chinenero cha pawailesi ya ndege. Koma dziŵani kuti mayeso aakulu adzabwera tsiku limene mtambo udzatseka njira, anthu akukudikirani kutsogolo, ndipo inu mudzayenera kunena kuti, "Lero sitipita." Mawu amenewo ndiwo chuma chimene zaka zoposa zana za kuuluka zatisiyira.