Moto wa ku Chiputula: Kuchoka pa Mafuwa Kufika pa Gasi

Mbiri ya mzinda anthu amaifuna m'mabuku a ku boma, koma ine ndimati ya Mzuzu kaifuneni pa moto. Pamene kampani ya Angerezi ya Colonial Development Corporation inatsegula minda ya mitengo ya tung kuno, antchito anabwera ndi mafuwa atatu ndi nkhwangwa basi. Nkhalango inali pakhomo, nkhuni zosagula.

Tauni inakula mpaka kulandira ulemu wa mzinda mu 1985. Ku Chiputula nyumba zinathithikana, malo osonkhera moto wa nkhuni anachepa, ndipo mbaula inalowa m'khonde. Makala alibe utsi wambiri, sadetsa mapoto ngati nkhuni, komanso amagulika pang'onopang'ono, ka jumbo kamodzi nsima yapsa. Anyamata a kanyenya nawo anadalira makala omwewo, nanga nyama yowotcha ikoma bwanji popanda kafungo kautsi?

Koma abale anga, thumba lililonse lobwera pa njinga m'mawa ndi mtengo wagwa kwinakwake. Nkhalango za Kaning'ina ndi Lunyangwa zamva nkhwangwa, chonsecho damu la Lunyangwa ndi lomwe limatimwetsa madzi. Lamulo la za nkhalango la 1997 linaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 zilango anaziwonjezera. Koma lamulo silipsetsa nyemba. Magetsi akathima, ngakhale bwana wa ku ofesi amakupiza mbaula.

Apa ndiye pabwera gasi. Mbiri yake ndi yakutali: mu 1910 katswiri wa ku America, Walter Snelling, anapeza kuti mpweya wothawa m'petulo, monga propane ndi butane, ungathe kutsekeredwa m'botolo lachitsulo ngati madzi. Ukatsegula, umasanduka mpweya n'kuyaka moto wobiriwira wopanda mwaye. Kuno kwathu kwa zaka zambiri gasi anali wa mahotela ndi nyumba za mayadi. Mu 2019 boma linachotsa msonkho wa VAT pa gasi ndi masilinda ake, pofuna kupulumutsa mitengo.

Komabe amayi ambiri omwe ndacheza nawo amati, "Gasi? Ayi, ameneyo ndi bomba." Mantha ali ndi pogwira, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho akatuluka amakhazikika pansi kudikira machesi. N'chifukwa chake amamuthira fungo loipa dala. Silinda iimirire, chowotchera nyama chikhale panja, ndipo polumikizira paipi pakani thovu la sopo. Likamatupa, tsekani msanga. Poyatsa, chivindikiro chikhale chotsegula. Tisaiwale kuti mbaula nayo yapha anthu oiika m'chipinda chotseka pothawa chisanu cha Juni.

Vuto lenileni ndi thumba. Silinda ndi chitofu zimafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, pamene wa ganyu amapeza ya lero lokha. Gasi amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa mtengo umakwera. Ndipo wowotcha makala naye ali ndi ana a sukulu. Mukamulanda njinga, mwamupatsa ntchito yanji?

Gasi akadzayamba kugulitsidwa mwa pang'onopang'ono ngati ka jumbo ka makala, Chiputula adzasintha yekha popanda wapolisi. Zikapanda kutero, tidzamaliza Kaning'ina, kenako mipopi idzauma.