Mwana wa Chamba ku Mchinji: Kuchoka pa Bwalo la Mfumu Kufika pa Lamulo la 2010

Boma la Mchinji lisanatchedwe Fort Manning, mwana wolakwa sankayima yekha pa mlandu. Mnyamata akaba nkhuku kapena kulola mbuzi kudya mmera wa eni, amene ankaitanidwa kubwalo anali malume ake, mwinimbumba. Mwana ankakhala pansi, manja pamawondo, akumva akuluakulu akukambirana za iye. Chindapusa chikagamulidwa, kaya nkhuku kaya lichero la mapira, banja lonse limasonkha, ndipo dzuwa likamalowa wolakwa uja amakagona kwawo. Kwa Angoni a kwa Zulu ndi Mlonyeni udindowu unkagwera akuchimuna, koma mfundo inali yomweyo: mwana akalakwa, mtolo ndi wa abale ake.

Azungu atamanga linga lawo m'derali pa nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, anabweretsa apolisi, chitolokosi ndi woweruza wolemba m'kaundula. Mafumu anapatsidwanso mphamvu zoweruza milandu ing'onoing'ono mu 1933, koma milandu ya boma inkapita kwa DC. Chamba chinalowa m'gulu la milandu ya bomayi, ndipo lamulo la Dangerous Drugs Act, lomwe likugwirabe ntchito mpaka lero, linachiika pamodzi ndi mankhwala oopsa.

Ufulu utabwera, lamulo la ana la 1969 linapitiriza njira yomweyo. Mwana wa zaka 7 ankatha kuimbidwa mlandu. Malo osungirako anyamata olakwa anali Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre, onse kumwera. Kholo la ku Mkanda kapena ku Kapiri, lodalira mtedza ndi ganyu wa m'maesiteti a fodya, silikanatha kupeza ya basi yokaonera mwana kutali choncho. Ena mwa anawa sankafika n'komwe kumeneko. Ankakhala miyezi pa limandi, akugona chipinda chimodzi ndi akaidi akuluakulu.

Mchinji ili ndi vuto lakelake. Msewu waukulu wochoka ku Lilongwe umadutsa pa Kamwendo ndi paboma n'kukafika pachipata cha Mwami, kulowera ku Chipata. Kupatula chipatacho, pali tinjira tambirimbiri todutsa m'minda, momwe njinga za kabaza zimayenda usiku ndi usana. Chamba cha ku Malawi, makamaka cha ku Nkhotakota, chili ndi msika kunja, ndipo chimayenda chitakulungidwa m'makungwa a nthochi ngati zisononkho za chimanga. Mwini katundu saonekera. Amene amakumana ndi apolisi nthawi zambiri ndi wotumidwa, kapena mnyamata wosiya sukulu amene wapezeka ndi kandudu m'thumba.

Kusintha kwa malamulo okhudza ana kunayamba pang'onopang'ono. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndipo panganolo limalimbikitsa kuthetsa milandu ya ana popanda kuwazenga m'khoti ngati n'kotheka. Mu 2000 bungwe la Paralegal Advisory Service linayamba kulowa m'ndende, kufunsa akaidi zaka zawo ndi kutulutsira poyera ana oiwalika. Kenako mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Child Care, Protection and Justice Act. Zaka zoyambira kuimbidwa mlandu zinakwera kufika pa 10, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana.

Lamulo la 2010 limati mwana asaponyedwe m'ndende, ndipo limatsegula njira yopatutsa mlandu. Mwana akagwidwa, makolo amadziwitsidwa, ndipo wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amafufuza zaka zake ndi mmene akukhalira kwawo. Ngati mwanayo wavomera yekha kulakwa popanda kumuopseza, ndipo mlanduwo si waukulu monga kupha kapena kugwiririra, nkhani ikhoza kutha osafika pozengedwa. Angalamulidwe kupepesa, kubweza zomwe anawononga, kubwerera kusukulu, kugwira ntchito yothandiza m'mudzi, kapena kupita kukalandira uphungu. Lamuloli limalolanso kuti banja la mwana ndi la wodandaula akhale pamodzi n'kugwirizana. Agogo a kwa Mavwere kapena kwa Dambe sangaone chachilendo pamenepa, chifukwa ndi zomwe makolo awo ankachita pansi pa mtengo.

Ku Lilongwe, bungwe la Irish Rule of Law International lakhala likuyendetsa pulogalamu ya Mwai Wosinthika, yophunzitsa ana opatutsidwa mmene angaugwirire mtima ndi kusankha anzawo. Tsidya linalo la malire, Zambia nayo inaika njira yopatutsa milandu mu Children's Code Act ya 2022.

Koma mlandu wa chamba umasiyana ndi wa nkhuku. Palibe woberedwa woti apepesedwe, ndipo mwana amene wazolowera kusuta sasiya chifukwa wasesa pabwalo la sukulu masabata angapo. Amafunika phungu wodziwa za chizolowezi. Chithandizo chozama chotere chimapezeka ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kapena kuchipatala cha amisala ku Zomba. Kuchoka pa Mchinji boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ulendo umene banja la kumudzi silingaukwanitse sabata ndi sabata. Mwana akangouzidwa kuti "pita, usakayambirenso" n'kubwerera kwa anzake omwe aja, posachedwa amagwidwanso, mwina atakwanitsa zaka 18, pamene lamulo la ana silimutetezanso.

Chaka cha 2020 boma linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, koma kusuta kukadali mlandu. Choncho anyamata a m'malire apitiriza kugwidwa. Khonsolo ya Mchinji, mafumu, mipingo ndi chipatala cha boma ayenera kugwirana manja kuti uphungu wa ana osuta uzipezeka pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa Mkanda, kufupi ndi amalume ndi makolo amene lamulo lawabwezera udindo wawo.